Daruma: chidole chodikira diso lachiwiri

Mzinda wa Takasaki uli m'chigawo cha Gunma, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumpoto chakumadzulo kwa Tokyo, likulu la dziko la Japan. Chigawochi n'chamapiri, ndipo m'nyengo yozizira kumawomba mphepo yamphamvu ndi youma imene eni ake amaitcha karakkaze. Mphepoyi imang'amba milomo ndi kuumitsa nthaka, ndipo kale inali chizindikiro chakuti ntchito ya kumunda yayamba yaima. Komabe mphepo yomweyo ndi imene inathandiza kuti derali litchuke ndi ntchito ina yamanja, yopanga zidole za mapepala zotchedwa daruma, pakuti guluu ndi utoto zimafuna mpweya wouma kuti zigwire msanga. Lero mwa zidole 10 zilizonse za mtundu umenewu zopangidwa ku Japan, pafupifupi 8 zimachokera ku Takasaki.

Daruma ndi chidole choburungika ngati dzungu, chofiira, chopanda manja ndi miyendo. Nkhope yake ndi ya mwamuna wandevu wooneka waukali. Munthu akachikankha chimapendekeka, kenaka n'kudzuka chokha. Koma chimene chimadabwitsa mlendo ndi maso ake. Chidolechi chimagulitsidwa chili ndi mabwalo awiri oyera mbee, opanda mwanadiso. Wogula ndiye amajambula diso loyamba pa tsiku limene watsimikiza mumtima chimene akufuna kukwaniritsa, ndipo diso lachiwiri limadikira mpaka chinthucho chitachitika.

Ambiri amachitcha chidole cha mwayi, ndipo dzinalo si lolakwika. Koma munthu amene wakhalapo m'nyumba yopangiramo zidolezi, burashi ili m'manja, amaona kuti nkhani yake ikukhudza funso limene mlimi aliyense amakumana nalo chaka ndi chaka: n'chiyani chili m'manja mwake, nanga n'chiyani chimene sangachilamulire?

Ntchito yobadwira m'njala

M'chaka cha 1783 phiri la Asama, lomwe lili m'malire a zigawo za Gunma ndi Nagano, linaphulika. Matope ndi miyala zinakwirira mudzi wa Kanbara ndi kupha anthu 477, ndipo phulusa linagwa m'minda ya madera ambiri ozungulira. Tsokali linapeza dziko lili kale m'mavuto, chifukwa nyengo inali itazizira mopitirira muyeso ndipo mpunga sunkacha bwino. Njala imeneyo, yodziwika ndi dzina lakuti Tenmei, inasautsa anthu kuyambira mu 1782 mpaka mu 1788.

Mbiri imene anthu a ku Takasaki amasimba imati m'masiku amenewo mkulu wachisanu ndi chinayi wa kachisi wa Shorinzan Darumaji, dzina lake Togaku, anasema chikombole cha mtengo ndi kuphunzitsa alimi a mudzi wa Toyooka kumata mapepala pa chikombolecho kuti apange zidole zogulitsa. Kachisiyu, amene mbiri yake imayambira mu 1697, alipobe pa kaphiri ka m'mbali mwa mtsinje wa Usui. Dzina lina limene limakumbukiridwa ndi la Yamagata Tomogoro wa ku Toyooka komweko, amene ambiri amati ndiye anayamba kupanga zidolezi monga ntchito yopezera ndalama. Ntchitoyi inamuyenera mlimi wosauka. Zipangizo zake zinali zotsika mtengo, inkachitikira pakhomo m'miyezi imene kumunda kunalibe chochita, aliyense m'banja anali ndi mbali yake, ndipo msika unali pafupi, pa chikondwerero cha pakachisi cha kumayambiriro kwa chaka.

Ogula ambiri analinso alimi. Gunma ndi dera la silika. Mbozi zotulutsa ulusi wa silika zimadya masamba a mabulosi, ndipo zisanakhwime zimafundula kanayi. Nthawi iliyonse zikafuna kufundula zimaleka kudya n'kungokhala duu, ndipo alimi amati zagona. Zikafundula n'kuyambanso kudya amati zadzuka. Mbozi zikapanda kudzuka, ndiye kuti banja lataya thukuta la nyengo yonseyo. N'chifukwa chake chidole chodzuka chokha chinalandiridwa m'nyumba za alimi a silika monga chizindikiro chabwino. Ulimi umenewu unakula kwambiri moti mu 1872 boma linatsegula fakitale yaikulu ya silika ku Tomioka, kufupi ndi Takasaki, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2014. Cha m'ma 1930 mabanja oposa 2 miliyoni ankaweta mbozi za silika ku Japan. Lero atsala osafika ndi 300 komwe. Ulimi wa silika unazilala, koma chidole chimene unalera chidakalipo.

Mwini wake wa nkhope

Dzina lakuti daruma likuchokera kwa Bodhidharma, mphunzitsi wa Chibuda amene akuti anachoka ku India kupita ku China cha m'zaka za m'ma 400 kapena 500, ndipo amalemekezedwa monga tate wa gulu la Zen. Nthano imati iye anakhala pansi zaka 9 akuyang'ana khoma kufupi ndi kachisi wa Shaolin, akusinkhasinkha, mpaka manja ndi miyendo yake zinafota. Nthano ina imati tsiku lina tulo titamugonjetsa, anakwiya n'kudzidula zikope, ndipo pamene zinagwera panamera tiyi. Nthano zimenezi ndizo zimalongosola thupi lopanda ziwalo ndi maso otong'oka a chidolechi. Kufiira kwake akuti kukuimira mkanjo wa mphunzitsiyo. Ndiponso m'nyengo ya Edo, pakati pa 1603 ndi 1868, anthu ankakhulupirira kuti mtundu wofiira umapirikitsa nthomba, choncho makolo ankaika zidole zofiira pafupi ndi ana awo.

Mwambi wa Chijapani umene umayenda limodzi ndi chidolechi ndi wakuti nanakorobi yaoki, kutanthauza kugwa maulendo 7, kudzuka maulendo 8.

Pa benchi la mmisiri

Mabanja angapo opanga daruma ku Takasaki amalandira alendo amene akufuna kuyesa ntchitoyi ndi manja awo. Mlendo amapatsidwa chidole choumba kale, burashi ndi inki yakuda, ndipo mmisiri amamuphunzitsa kujambula nkhope. Tsiku lina chakumapeto kwa Disembala, mwa anthu amene anakhala pa benchi lotere panali mayi wina wa zaka zopitirira 60, mlimi wa ndiwo zamasamba wochokera m'mudzi wina wa kunja kwa mzindawo. Anabwera moperekeza mdzukulu wake wamkazi wa zaka 10, amene anali patchuthi kuchokera ku Tokyo. Iye mwini analibe maganizo ojambula kanthu.

Mayiyu ndi mwamuna wake anali atalima zigawo zitatu za munda kwa zaka zoposa 30, munda umene makolo a mwamunayo ankabzalamo mabulosi odyetsa mbozi. M'mwezi wa Sepitembala mwamunayo anagwa ndi sitiroko, ndipo dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito ku Tokyo, anawauza mosapita m'mbali kuti asiye kulima, pakuti munthu mmodzi sangathe kusamalira wodwala ndi munda nthawi imodzi. Vuto lotere si lachilendo ku Japan. Kalembera wa zaulimi wa mu 2020 anaonetsa kuti anthu amene ulimi ndiyo ntchito yawo yaikulu anali ndi zaka pafupifupi 68 tikatenga pakatikati, ndipo minda yambiri ikugonera chifukwa chosowa woilowa. Mbewu za chaka chotsatira zinayenera kugulidwa Januwale asanathe, koma mayiyo anali asanayankhe mwana wake.

Mmisiri wa pamalopo, bambo wachikulire wa zala zothimbirira ndi utoto, sanayambe ndi burashi. Anatenga chidole choyera, chisanapakidwe utoto wofiira, n'kumupatsa mayiyo.

"Tanyamulani, Mayi, mumve kulemera kwake."

Mayiyo anachitembenuza m'manja. Kumtunda chinali chopepuka ngati chigoba cha dzira, koma kunsi chinkakoka dzanja.

"Sensei, m'katimu mwaikamo chiyani?" anafunsa motero, pomutchula ndi dzina laulemu limene Ajapani amaitanira aphunzitsi.

"Mulibe kanthu, ndi mphako yokhayokha. Cholemera chili pansi pokha."

Mmisiriyo anawaonetsa kachimbale ka dongo louma kamene amamata kunsi kwa chidole chilichonse. Kenaka anafotokoza mmene makolo ake ankagwirira ntchitoyi. Ankanyowetsa mapepala n'kuwamata pa chikombole cha mtengo, n'kuyanika padzuwa ndi pamphepo. Akauma ankang'amba kumsana ndi mpeni, n'kutulutsa chikombole, n'kulumikizanso pong'ambikapo ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa za nyama. Akamata dongo kunsi, ankapaka thupi lonse utoto woyera wotchedwa gofun, wopangidwa ndi ufa wa zigoba za nkhono za m'nyanja, ndipo pamwamba pake ankapaka wofiira. Masiku ano amisiri ambiri amasungunula mapepala akale m'madzi mpaka akhale ngati phala, ndipo makina okoka mpweya amakanikizira phalalo m'chikombole chachitsulo. Thupi limatuluka msanga ndiponso lofanana. Koma nkhope idakajambulidwa ndi dzanja, chidole chimodzichimodzi.

Mdzukulu uja anakankha chidolecho ndi chala, ndipo chinagwada n'kudzuka. Anachikankhanso mwamphamvu, chinazungulira pa tebulo n'kuimanso chilili. Agogo ake anangoyang'ana osanena kanthu. Chinsinsi cha kudzukako n'chapafupi. Chidolechi chilibe mphamvu iliyonse, koma cholemera chake chili pansi, ndipo kumtunda sichinyamula katundu. Dongo lija likanamatidwa kumutu, chikanagwa kamodzi osadzukanso. Mayiyo anayamba kuwerenga mumtima zimene iye anasenza: zigawo zitatu za munda, ngongole ya makina olimira, maulendo a kuchipatala kawiri pa sabata, ndiponso manyazi oopa kuti anansi adzati munda wa makolo wagonera m'manja mwake.

Mbalame ndi kamba pa nkhope imodzi

Mmisiri anaika patsogolo pa aliyense chidole chofiira cha msinkhu wa papaya, nkhope yake yopakidwa kale utoto wotuwira koma yopanda nsidze ndi ndevu. Mayi uja atakana, mdzukulu wake anamukakamiza.

"Agogo, inunso jambulani chanu. Mukangokhala mundisokoneza."

Nkhope ya daruma wa ku Takasaki ili ndi nyama ziwiri zobisika. Nsidze zimajambulidwa mofanizira tsuru, mbalame yoyera ya khosi ndi miyendo italiitali, ndipo ndevu za m'masaya zimafanizira kamba. Ajapani amati mbalameyi imakhala zaka 1,000 ndipo kamba zaka 10,000, choncho nkhopeyo imafunira mwini wake moyo wautali. Banja lililonse la amisiri lili ndi kajambulidwe kake, moti odziwa amatha kuzindikira nyumba imene chidole chachokera pongoona ndevu zake.

Mmisiriyo anaviika burashi mu inki, n'kuipukuta pang'ono m'mphepete mwa mbale, ndipo anajambula mzere umodzi pa pepala. Unayamba wonenepa n'kutha wosongoka ngati nthenga. Anafotokoza kuti munthu amatsindika poyamba, kenaka n'kumakweza dzanja pang'onopang'ono burashi ikuyenda, osaima panjira. Anawapatsa mapepala kuti ayeserepo kaye. Pa pepala zinali zosavuta. Pa chidole zinali zina, chifukwa nkhope yake ndi yokhota, ndipo dzanja lina liyenera kuchigwira ndi kuchitembenuza pamene linzake likujambula.

Mwana uja anamaliza msanga, ndevu za chidole chake zili nyankhalala ngati udzu wa m'dambo, iye ali wokondwa. Agogo ake anachedwa. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha n'kosiyana ndi mantha, ndipo burashi imaulula msanga chimene chili mumtima mwa woigwira. Nsidze yoyamba inatuluka bwino. Pa yachiwiri dzanja linaima pakati, inki inadontha, ndipo mzere unagwera m'munsi. Mayiyo anafuna kubwerezapo kuti awongole.

"Musabwerezepo, Mayi," anatero mmisiri. "Mukabwereza pakhala chipsera chachikulu. Pitirizani ndi ndevu, nkhope ikatha mudzaione yonse pamodzi."

Anapitiriza, mzere ndi mzere, tsaya lina kenaka linzake. Atamaliza anachiika pa tebulo. Nsidze imodzi inali m'mwamba, ina yogwa. Mdzukulu anachiyang'anitsitsa n'kufuula kuti, "Agogo, chikufanana ndi agogo aamuna!"

M'nyumbamo munangoti zii. Mwanayo ananena zoona, chifukwa chiyambire matenda aja mbali imodzi ya nkhope ya agogo ake inali yogwa. Mayiyo anayang'ana chidolecho nthawi yaitali, kenaka anaseka, misozi ili m'maso. Anati nkhope yaukaliyo ndi yomweyo imene mwamuna wake amaonetsa akamakana kumugwira mkono poyenda. Mmisiri atafunsa ngati angakonde kuyambanso pa chidole china, iye anakana.

Mawu a pa mapewa

Gawo lotsiriza ndi la malemba. Pa mimba ya daruma wa ku Takasaki kawirikawiri pamalembedwa mawu akuti fuku-iri, kutanthauza kuti muli mwayi m'katimo. Pa mapewa awiri amalembapo ndi utoto wagolide zimene mwini wake akufuna: mtendere wa pabanja, kuyenda bwino kwa malonda, kukhoza mayeso, kapena kuchira. Malemba amenewa amalemba ndi mmisiri mwini, pakuti amafuna dzanja lozolowera.

"Tilembepo chiyani, Mayi?"

"Kuchira kwa bambo kunyumba," anayankha mosazengereza.

Mmisiri analemba pa phewa limodzi, n'kudikira. Phewa lachiwiri linali lopanda kanthu, ndipo apa mayiyo anasowa chonena. Kuchira kwa mwamuna wake ankakufuna ndi mtima wonse, koma sikunali m'manja mwake. Iye akanatha kuphika, kumwetsa mankhwala ndi kuperekeza kuchipatala, koma sakanalamula mwendo kuti uyende. Anadzifunsa kuti chaka chikadzatha adzadziwa bwanji ngati diso lachiwiri layenera kujambulidwa, popeza kuchira kwa matenda otere kulibe tsiku limene munthu anganene kuti lero kwatheka.

Anapempha kuti pa phewa lachiwiri alembepo mawu ofunira zokolola zabwino. Kenaka anabwereka cholembera, n'kutembenuza chidolecho, ndipo kumsana kwake analemba yekha ndi zilembo zing'onozing'ono zinthu ziwiri. Choyamba, chaka chimenecho adzalima chigawo chimodzi chokha, cha kumunsi, choyandikana ndi nyumba, ndipo ziwiri zinazo adzabwereketsa. Chachiwiri, tsiku lililonse lopanda mvula adzayenda ndi mwamuna wake kulowera kumundako, mpaka tsiku limene mwamunayo adzaime m'malire mwa mundawo ndi miyendo yake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Zigawo zitatu zinali za pachala, koma chimodzi akanachitha.

Maso anawasiya oyera. Madzulo a tsiku loyamba la chaka, banja lonse lili pamodzi, anaika chidolecho patsogolo pa mwamuna wake n'kumuwerengera zimene analemba kumsana.

"Bambo, diso loyamba mujambule ndinu."

Mwamunayo anakana, nati dzanja lake lolembera linafa. Mayiyo anamuika burashi m'dzanja lamanzere, ndipo mdzukulu anagwira chidole kuti chisagwedezeke. Mwambo umati loyamba kujambulidwa ndi diso lamanzere la chidole, lomwe limakhala kudzanja lamanja la munthu wochiyang'ana. Kadontho kanatuluka kokhota, kosaburungika bwino, koma kanali diso. Anachiika pa shelefu ya m'chipinda chochezera, moyang'ana kum'mawa, pamene aliyense wolowa m'nyumbamo akanachiona.

Chithumwa kapena mboni?

Wina angafunse ngati daruma si chithumwa chabe. Yankho lake limasiyana malinga ndi mwini chidole. Alipo amene amachigula pakachisi, wansembe n'kuchipempherera ndi kudonthezapo inki yoyamba pa diso, ndipo kwa iwo chili ndi tanthauzo la chipembedzo. Aliponso ambiri amene amachiona ngati chikumbutso basi. Ophunzira amachiika pa tebulo pokonzekera mayeso, eni masitolo amachiika pafupi ndi pamene amalandirira ndalama, ndipo andale amajambula diso loyamba poyamba kampeni, lachiwiri akapambana chisankho. Mwambo wa andalewu unadzudzulidwapo ndi anthu ena amene anati kufanizira diso limodzi ndi ntchito yosatha kumanyoza anthu osaona, ndipo ena mwa andale anausiya. Dandaulo limenelo n'loyenera kulimva, chifukwa chizindikiro chimene chimalimbikitsa munthu mmodzi chikhoza kupweteka mnzake.

Kaya munthu akhulupirira zotani, pali zinthu zitatu zimene chidolechi chimachita zomwe sizifuna matsenga. Choyamba, chimakakamiza munthu kusankha. Maso ndi awiri okha, loyambira ndi lomalizira, choncho sichingasenze zofuna khumi. Amene akufuna kujambula diso loyamba ayenera kutchula chinthu chimene adzathe kuchizindikira chikachitika. Chachiwiri, chimaika lonjezo poyera. Chimene munthu walonjeza mumtima amatha kuchisintha usiku popanda womufunsa, koma chidole cha diso limodzi chili pa shelefu, ndipo mwana, mlendo ngakhale mnansi amafunsa kuti diso linalo lidzabwera liti. Chachitatu, chili ndi malire a nthawi. Mwambo umati daruma amagwira ntchito chaka chimodzi, ndipo chaka chikatha mwini wake ayenera kukhala pansi n'kuwerengera.

Chimene chidolechi sichingachite n'chodziwikiratu. Sichigwetsa mvula, sichikweza mtengo wa kabichi pamsika, ndipo sichichiritsa mitsempha ya mu ubongo. Alimi a ku Toyooka amene anayamba kuchipanga sanapulumuke chifukwa chakuti chidole chinawabweretsera mwayi. Anapulumuka chifukwa anapeza chogulitsa m'miyezi imene munda sunkawapatsa kanthu.

Moto wa mu Januwale

Chaka cha mayi uja chinayenda monga zimayendera zaka za alimi, zina bwino, zina ayi. Zigawo ziwiri zija anabwereketsa kwa banja lina lachinyamata limene linkafuna malo olima. Chigawo cha kumunsi anachilima yekha, ndipo ngakhale kutentha kwa mwezi wa Ogasiti kunawononga mbali ina ya mbewu, zimene anakolola zinabweza ndalama zimene analowetsa n'kutsalako pang'ono. Maulendo a tsiku ndi tsiku aja anayamba ndi masitepe ochepa a pakhonde. Pofika mu Epulo mwamunayo ankafika pa geti. Mu Julayi anagwa, ndipo anakhala milungu itatu osafuna kutuluka. Pofika mu Novembala, ali ndi ndodo, ankafika pa kamlatho ka ngalande yothirira, kamene kali pakati pa nyumba ndi munda. M'malire mwa munda sanafikemo.

Pamenepa mwambo wa daruma uli ndi chifundo chake. Anthu ambiri amajambula diso lachiwiri pakutha pa chaka ngakhale cholinga chisanakwaniritsidwe chonse, pothokoza kuti chaka chatha ali moyo, ndipo amayambanso ndi chidole chatsopano. Mwana wawo wa ku Tokyo, amene poyamba ankati asiye kulima, ndiye anagwira chidole pamene bambo ake ankajambula diso lachiwiri, ndi dzanja lamanzere lomwe lija, lomwe tsopano linali litazolowera kugwira supuni ndi cholembera.

Zidole zakale sizitayidwa kudzala. Kumayambiriro kwa chaka anthu amazibweza ku makachisi, kumene zimaunjikidwa mulu waukulu n'kutenthedwa pamwambo woyamika. Mu mzinda wa Maebashi, likulu la chigawo cha Gunma, msika woyamba wa chaka umachitika pa 9 Januwale, ndipo umatsegulidwa ndi moto woterewu. Ku kachisi wa Shorinzan chikondwerero chimachitika pa 6 ndi 7 Januwale, ndipo kuyambira mu 2017 kumakhalanso msika waukulu wa daruma pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Takasaki pa 1 ndi 2 Januwale. Mlendo angadabwe kuona anthu akutentha chinthu chimene anachisamala miyezi 12. Koma motowo uli ndi ntchito yake. Wopambana saloledwa kukhalira kuyang'ana chipambano cha chaka chatha, ndipo wolephera sasungidwa ndi mboni yomuneneza mpaka kalekale. Pepala limapsa, dongo lija limatsala m'phulusa, ndipo onse awiri amabwerera kwawo ndi chidole cha maso oyera.

Ena amati amene wakwaniritsa cholinga chake agule chidole chokulirapo chaka chotsatira. Mayi uja anagula cha msinkhu womwewo, ndipo kumsana kwake analembanso za chigawo cha kumunsi ndi za mtunda wotsala kuchokera pa kamlatho kukafika m'malire mwa munda.

Nayo ntchito yopanga daruma yadutsa m'njira yofananayo. Inayamba ndi alimi anjala, inakula ndi silika, ndipo silika atazilala inapeza ogula atsopano pakati pa ophunzira, amalonda ndi alendo ochokera kunja. Amisiri analandira makina pa gawo limene makina amachita bwino, n'kusunga dzanja pa gawo limene wogula amaliyang'ana. Mu 2006 dzina lakuti Takasaki Daruma linalembetsedwa mwalamulo monga chizindikiro cha malonda cha derali, kuti zidole zopangidwa kwina zisagulitsidwe ndi dzina lawo. Ndipo chaka chilichonse, mphepo ya karakkaze ikayamba kutsika m'mapiri, m'mabwalo a nyumba za ku Toyooka mumadzaza mizere ya zidole zofiira zoyanikidwa, zikudikira nsidze, ndevu ndi munthu woti adzazipatse diso loyamba.